Dziwe lopopa la mayi woyembekezera: mavuto amene amabwerabwera ndi kakonzedwe kake

Banja likagula kapena kubwereka dziwe lapulasitiki lopopa ndi mpweya kuti mayi akhale m'madzi ofunda matenda akayamba, madandaulo amene amatsatira amakhala omwewomwewo: dziwe laphwa usiku, madzi akuchedwa kudzadza, madzi azizira, kapena aoneka amatope mayi asanalowemo n'komwe. Ambiri mwa mavutowa amabwera chifukwa dziwe limatulutsidwa m'katoni koyamba pa tsiku limene mimba yayamba kupweteka. Malangizo ali m'munsiwa asanjidwa potsata chimene mukuchiona, ndipo pansi pa vuto lililonse zifukwa zayambira pa chimene chimachitika kawirikawiri kutsikira pa chimene chimachitika mwa apo ndi apo.

Musanapope dziwe

Mu 2007 boma la Malawi linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa amayi, ndipo mfundo ya Unduna wa Zaumoyo ndi yakuti mayi aliyense azichirira ku chipatala m'manja mwa munthu amene anaphunzira ntchitoyi. M'madera ambiri mafumu amalipiritsanso chindapusa banja limene mayi wachirira pakhomo. Choncho zonse zolembedwa pano ndi za banja limene lakambirana nkhaniyi ku sikelo, limene lili ndi mzamba wolembedwa m'kaundula wa Nurses and Midwives Council of Malawi amene wavomera kudzakhalapo, ndiponso limene lakonza galimoto yoti ithamangire ku Zomba Central Hospital kapena ku chipatala china chapafupi nthawi ina iliyonse, usana kapena usiku. Ngati chimodzi mwa zitatuzi palibe, dziwe lisapopedwe.

Akatswiri a kunja nawonso sagwirizana pa zonse. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, limavomereza kuti mayi amene alibe vuto lililonse akhale m'madzi ofunda kuti ululu uchepe, pamene bungwe la madokotala a amayi la ku America, ACOG, linanena mu 2016 kuti mayi angakhale m'madzi pa gawo loyamba la matenda ngati mimba ili pakati pa masabata 37 ndi 42, koma mwana abadwire kunja kwa madzi. Mzamba wanu ndiye adzanena ngati mayi angachirire m'madzimo kapena atuluke nthawi ikayandikira, ndipo mawu ake asatsutsidwe chifukwa cha ndalama zimene zinapita pogula dziwe.

Mayi asalowe m'dziwe, ndipo akachirire ku chipatala, ngati:

- mimba sinakwane masabata 37;
- akuyembekezera mapasa, kapena mwana wagona mopingasa kapena watsogoza matako;
- ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga, khunyu kapena kuchepa kwa magazi;
- anachitidwapo opaleshoni pobereka, kapena anatayapo magazi ambiri atachira;
- akutaya magazi kapena thupi lake latentha.

Mayi amene akumwa ma ARV akambirane ndi a ku sikelo mimba isanakhwime, chifukwa mwana amayenera kuyamba kulandira mankhwala ake atangobadwa.

Vuto loyamba: madzi sakuphimba mimba, kapena khoma likupindika mayi akatsamira

1. Dziwe limene mwagula ndi la ana. Ichi ndicho chifukwa chachikulu, popeza maiwe oseweramo ana ndi amene amapezeka mosavuta m'masitolo, ndipo pa chithunzi cha pa katoni amaoneka aakulu. Yezani ndi tepi kuchokera pansi m'kati mpaka pamwamba pa khoma. Dziwe loberekeramo limafunika kulola madzi akuya pafupifupi masentimita 55 mpaka 60, kuti mayi akakhala pansi madzi afike m'mawere, ndipo akagwada mimba yonse ikhale m'madzi. Kuya kumeneku si kongosangalatsa. Mwana wobadwira m'madzi amayenera kutuluka yense ali pansi pa madzi kenako n'kutulutsidwa pamwamba nthawi yomweyo, chifukwa nkhope yake ikakhudza mpweya amayamba kupuma, ndipo akabwereranso m'madzi akhoza kuwakokera m'mapapo. Dziwe losaya silikonzeka ndi njira ina iliyonse, ndipo lisagwiritsidwe ntchito pobereka.

2. Khoma silinapopedwe mokwanira. Likhale lolimba moti munthu wamkulu akakhala m'mphepete mwake lisaphwanyike mpaka madzi kusefukira, koma chala chikadina lizibonyoka pang'ono. Popani kuyambira pansi pa dziwe, kenako mkombero wa m'munsi wa khoma, n'kumakwera m'mwamba.

3. Madzi ndi ochepa. Makoma a maiwe ambiri amaima bwino madzi akafika pa mzere umene wopanga anaulemba m'kati, chifukwa madziwo ndi amene amakankhira khoma kunja.

Ngati simunagule, funsani zinthu izi musanapereke ndalama: kuya kwa m'kati, malita amene dziwe limatenga, ngati khoma lili ndi mikombero iwiri kapena itatu yopopedwa payokhapayokha kuti umodzi ukabooka dziwe lonse lisagwe, ngati pansi pake pamapopedwanso kuti mawondo asapweteke pa simenti, ngati lili ndi zogwirira, ndiponso ngati likubwera ndi pulasitiki yoyala m'kati ya saizi yake. Pansi poyera ndi pabwino koposa pa mtundu wakuda, chifukwa mzamba amaona msanga madzi akayamba kusintha mtundu.

Vuto lachiwiri: dziwe likuphwa

Vuto limeneli ndi limene limaopsa anthu kwambiri, koma nthawi zambiri dziwe silikhala lobooka.

1. Mpweya wazizira. Mukapopa masana kukutentha, mpweya wa m'kati umanyala usiku kukazizira, ndipo m'mawa khoma limapezeka lofewa. Muno mu Zomba zimenezi zimaoneka kwambiri mu Juni ndi Julayi, makamaka m'nyumba zoyandikana ndi phiri. Wonjezerani mpweya, dikirani maola angapo, ndipo ngati khoma lakhalabe lolimba ndiye kuti palibe chobooka. Pulasitiki yatsopano imatanukanso pang'ono pa tsiku loyamba.

2. Potsekera mpweya sipanatsekedwe bwino. Maiwe ambiri ali ndi zivindikiro ziwiri pamalo amodzi, chachikulu chotulutsira mpweya ndi chaching'ono chopopera. Chachikulu chikakhala chopingasa pang'ono pomanga, mpweya umatuluka mwakachetechete. Masulani, pukutani mchenga kapena fumbi, ndipo mangani mowongoka ndi dzanja lokha, osati ndi pulayazi.

3. Pali kabowo kakang'ono. Sungunulani sopo wotsukira mbale m'kapu ya madzi, pakani ndi siponji pa zivindikiro, m'misoko ndi pansi, ndipo yang'anani pamene pakutuluka thovu lokulirakulira. Lembani chizindikiro ndi cholembera, phwetsani dziwe, tsukani sopoyo, umitsani bwino, kenako matani ndi chigamba ndi guluu zimene zinabwera ndi dziwe. Guluu womatira chubu cha njinga anapangidwira labala, ndipo pa pulasitiki ya dziwe sagwira nthawi yaitali. Chigamba chisiyidwe chiume kwa nthawi yonse imene yalembedwa pa chubu cha guluu musanapopenso.

4. Msoko wang'ambika chifukwa chopopa mopitirira muyezo. Izi zimachitika dziwe likapopedwa ndi makina opopera matayala a galimoto, kapena likasiyidwa padzuwa litapopedwa kale. Msoko wong'ambika sumatika modalirika, makamaka wa pafupi ndi zogwirira pamene mayi amakoka ndi mphamvu zake zonse.

5. Makoswe kapena mphaka. Dziwe losungidwa m'chipinda chimene muli chimanga likhoza kupezeka ndi mabowo ambiri ang'onoang'ono.

Lekani kukonza ndipo dziwitsani mzamba ngati msoko ndiwo wang'ambika, ngati mabowo ndi ambiri, kapena ngati khoma likufewa m'maola ochepa ngakhale mwamata. Dziwe limene lingagwe mayi ali m'kati limakhuthula madzi okwana madiramu awiri kapena atatu m'chipinda mmene muli anthu ndi mawaya a magetsi. Khalaninso ndi pampu ya manja kapena ya phazi pambali pa ya magetsi, chifukwa magetsi akhoza kuzima pa nthawi imene mukufuna kuwonjezera mpweya.

Vuto lachitatu: madzi akuchedwa kudzadza

Maiwe oberekeramo amatenga malita pakati pa 400 ndi 700 molingana ndi kukula kwake. Dziwe la malita 500 ndi ndowa 25 za malita 20, ndipo anthu ambiri amazindikira kuchuluka kwa madzi amenewa pamene ayamba kale kutunga.

1. Madzi a ku mpopi akubwera mofooka. Yezani nokha tsiku lisanafike: ikani ndowa ya malita 20 pa mpopi umene mudzagwiritse ntchito ndipo werengani mphindi zimene yatenga kuti idzadze. Ngati yatenga mphindi 3, dziwe la malita 500 lidzatenga mphindi 75. Yezani m'mawa, madzulo ndi usiku, chifukwa mphamvu ya madzi imasintha anthu ambiri akamatunga, ndipo nyumba za pamtunda zimamva msanga kusiyana ndi za kumunsi.

2. Payipi siikugwirana ndi mpopi. Mipopi ya kukhitchini ndi ya kubafa ili ndi milomo yosiyanasiyana, ndipo cholumikizira chobwera ndi dziwe lochokera kunja nthawi zambiri sichikwana. Chotsani chithunzi cha mpopi wanu, tengani payipiyo, ndipo pitani nazo ku sitolo ya zipangizo zomangira nyumba milungu ingapo tsiku lisanafike. Kumanga ndi mphira wa chubu kumagwira pa madzi ozizira, koma pa madzi otentha kumatha kuvuka n'kuwaza munthu.

3. Payipi yapindika kapena ndi yaitali kwambiri. Iwongoleni, ndipo dulani mbali imene simukuifuna.

4. Madzi asiya kutuluka. Konzekerani izi posunga madzi m'madiramu oyera otsekedwa, koma muziwasintha tsiku ndi tsiku masiku akayandikira, ndipo amenewo ndi amene ayambe kuwiritsidwa.

Itanani pulambala ngati madzi akufooka pa mpopi umodzi wokha pamene ina ikutuluka bwino, kapena ngati giza ikudontha. Ngati matenda afika patali dziwe lisanafike theka, lisiyeni. Mayi asadikirire madzi, ndipo anthu amene akanamuyang'anira asatanganidwe ndi ndowa.

Vuto lachinayi: madzi sakufika pa kutentha koyenera

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalephera, ndipo ndi pamene pali ngozi yeniyeni kwa mwana. Madzi asapitirire madigiri 37.5, ndipo pa nthawi yobereka akhale pafupi ndi kutentha kwa thupi, madigiri 36 mpaka 37. Malangizo a NICE amati kutentha kwa madzi ndi kwa mayi kuziyezedwa ola lililonse. Dzanja kapena chigongono si choyezera, chifukwa dzanja limene lakhala likunyamula ndowa za madzi ozizira limamva madzi a madigiri 33 ngati ofunda bwino. Gulani themometa ya m'madzi, takasani madzi bwino musanayeze, ndipo yezani pakati pa dziwe osati pamwamba pokha.

Madzi akakhala ozizira:

1. Madzi otentha ndi ochepa kusiyana ndi amene akufunika. Tiyerekeze kuti madzi a ku mpopi ali pa madigiri 20. Kuti malita 500 afike pa madigiri 37, pamafunika malita pafupifupi 110 a madzi owira, zomwe ndi ndowa zisanu ndi theka. Ngati mukudalira giza imene imatenthetsa madzi kufika pa madigiri 60, pamafunika malita oposa 200, pamene giza za m'nyumba zambiri ndi za malita 100 kapena 150, ndipo ya malita 150 ikatha imatenga maola oposa awiri kuti itenthetsenso. Madzi a mu mzinda uno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo m'nyengo yozizira amafika ku mpopi ali ozizira kwambiri, kotero kuti madzi owira ofunika amakhala ochuluka kuposa pamenepa. Njira yake ndi kuphatikiza: giza, ketulo, ndi masefuliya aakulu awiri kapena atatu pa mbaula kapena pa nkhuni panja.

2. Kutentha kukuthawira m'simenti ndi m'mwamba. Yalani mabulangete akale kapena mphasa ziwiri pansi pa dziwe, pamwamba pake pulasitiki, ndipo vindikirani dziwe ndi chivindikiro chake kapena pulasitiki yoyera pamene mayi sali m'kati. Tsekani mawindo amene akulowetsa mphepo.

3. Dziwe linadzadzidwa nthawi isanakwane. Matenda a mwana woyamba amatha kutenga maola ambiri. Popani dziwe matenda akayamba, koma madzi ayambe kuthiridwa mzamba akanena.

4. Magetsi azima. Nkhuni kapena makala zikhale zogulidwa kale.

Powonjezera madzi otentha, yambani mwachotsa ndowa ziwiri kapena zitatu za ozizira kuti dziwe lisasefukire. Madzi owira asathiridwe mwachindunji pa pulasitiki kapena pafupi ndi mayi. Asakanizeni ndi ozizira mu ndowa, thirani kumbali yotalikirana ndi mayi, takasani, ndipo yezaninso. Podzadza koyamba, yambani ndi madzi ozizira okwana kuphimba pansi kuti pulasitiki isasungunuke.

Mbaula isalowe m'chipinda chotsekedwa, ngakhale kuzizire bwanji. Makala oyaka amatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene umayambitsa mutu ndi chizungulire, ndipo umapha. M'chipinda choberekera zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuziona ngati kutopa chabe.

Madzi akakhala otentha kwambiri, chifukwa chake nthawi zambiri n'chakuti wina wathira sefuliya yonse osayeza. Mwana amene ali m'mimba amakhala wotentherapo kuposa mayi ake ndipo alibe njira yotayira kutentha kupatula kudzera mwa mayiyo, choncho mayi akatenthedwa mtima wa mwana umayamba kuthamanga. Mayi atuluke, amwe madzi, muthire ozizira, ndipo abwerere pokhapokha themometa ikaonetsa madigiri osapitirira 37.5 ndiponso mzamba wamvera mtima wa mwana.

Musaike chotenthetsera madzi cha magetsi m'dziwe, chija anthu amaviika mu ndowa posamba, mayi ali m'kati kapena ayi.

Vuto lachisanu: madzi ndi akuda, akununkha, kapena m'dziwe mukuterera

1. Madzi abwera ndi dothi kuchokera ku mpopi. Zimachitika madzi akangobwerera atasiya kutuluka, kapena mvula yamphamvu ikagwa. Tsegulani mpopi kwa mphindi zingapo mpaka madzi ayere musanalowetse payipi m'dziwe. Lamulo lake n'lapafupi: madzi amene simungamwe asalowe m'dziwe. Madzi a mu mtsinje wa Likangala, a m'zitsime zosatetezedwa kapena a ku nyanja ya Chilwa ndi oletsedwa chifukwa cha kolera, likodzo ndi matenda ena otsegula m'mimba. Madzi a pa mjigo afunsidwe kwa mzamba, ndipo atetezedwe monga mmene mumachitira ndi akumwa.

2. Payipi ndi yakale. Payipi yothirira maluwa imasunga madzi m'kati mwake kwa masiku ambiri padzuwa, ndipo m'menemo mumaswana tizilombo. Gulani yatsopano, makamaka yopangidwira madzi akumwa. Mukaigwiritsa ntchito poyeserera kudzadza dziwe tsiku lisanafike, ikhuthuleni n'kuipachika kuti iume. Payipi yodzadzira isakhale yomweyo yokhuthulira.

3. Madzi akhalitsa m'dziwe. Ena amadzadza dziwe masiku angapo tsiku lisanafike poopa kuti madzi adzasiya, n'kumawafunditsa tsiku ndi tsiku. Zimenezi n'zoopsa kwambiri. Tizilombo ta Legionella timaswana m'madzi a madigiri pakati pa 20 ndi 45, ndipo timayambitsa chibayo choopsa mwa khanda. Mu 2014 akuluakulu a zaumoyo ku England anachenjeza kuti maiwe odzadzidwa matenda asanayambe n'kumafunditsidwa ndi makina asagwiritsidwe ntchito pakhomo, khanda lina litadwala matendawa litabadwira m'dziwe lotere. Madzi athiridwe pa tsiku lomwelo, ndipo ngati matenda aima kapena atalika kwambiri, akhuthulidwe n'kuthira ena monga mmene mzamba anganenere.

4. Dziwe ndi lobwereka ndipo lilibe pulasitiki yatsopano ya m'kati. Pulasitiki imeneyi ndi ya mayi mmodzi ndipo imagwira ntchito kamodzi. Poyeserera musaigwiritse ntchito, kapena gulani ziwiri. Dziwe limene likununkha nkhungu kapena lili ndi madontho akuda m'misoko linapindidwa lisanaume, ndipo ngati mulibe pulasitiki yatsopano lisagwiritsidwe ntchito.

5. Wina wathiramo zinthu. Mafuta onunkhira, sopo, mchere, mankhwala ophera tizilombo a m'botolo ndi mankhwala azitsamba zonse zisalowe m'madzi. Pa nkhani ya zitsamba pamafunika kulankhulana mwaulemu koma momveka ndi agogo kapena apongozi tsiku lisanafike, ndipo mzamba auzidwe zoona ngati mayi wamwa mankhwala alionse ofulumizitsa matenda, chifukwa amatha kulimbitsa chiberekero mopitirira muyezo.

Mayi akamakankha, chimbudzi chimatha kutuluka, ndipo zimenezi si zachilendo kapena zochititsa manyazi. Pakhale sefa yatsopano ndi ndowa yake yochotsera. Ngati madzi ada moti mzamba sakuona pansi pa dziwe, mayi atuluke.

Vuto lachisanu ndi chimodzi: pansi panyowa, kapena dziwe lapendekeka

1. Madzi akudontha kuchokera mu ndowa ndi pa mayi akamatuluka. Yalani matawulo kapena zitenje zakale mozungulira, chifukwa simenti yopaka polishi ikanyowa imaterera kwambiri.
2. Payipi yavuka m'dziwe. Imangirireni ku chogwirira.
3. Chotsekera cha pansi chotulutsira madzi sichinatsekedwe. Chionedwe pulasitiki ya m'kati isanayalidwe, popeza madzi akalowa simungachifikenso.
4. Pansi pa chipinda ndi popendekeka. Mudzaona madzi atakwera mbali imodzi. Dziwe la madzi silikokedwa. Likhuthuleni kenako mulisunthe.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho dziwe lodzadza pamodzi ndi mayi limatha kuposa theka la tani. Pansi pa simenti ya nyumba yopanda chipinda chapansi palibe vuto. Koma m'nyumba zina zakale za mu Zomba pansi ndi pa matabwa, ndipo pamenepo kapena m'chipinda cham'mwamba funsani katswiri wa zomangamanga musanathire madzi. Siyani mpata woti mzamba azungulire dziwe mbali zonse, matiresi akhale pafupi, ndipo njira yopita pakhomo ikhale yopanda katundu. Mawaya onse a magetsi akhale pamwamba ndi kutali ndi madzi. Ngati wina wamva kugwidwa ndi magetsi pa mpopi kapena pa giza, zimitsani magetsi a nyumba yonse ndipo itanani wodziwa za magetsi.

Zizindikiro za m'thupi: apa palibe chokonza pakhomo

Pali mavuto awiri ang'onoang'ono amene mzamba amathana nawo pomwepo. Ululu wa matenda ukayamba kutalikirana mayi atangolowa m'madzi, nthawi zambiri ndiye kuti walowa msanga, ndipo amatuluka, kuyendayenda, kukodza, n'kudzalowanso pambuyo pake. Akamva ludzu kapena kufooka pang'ono, amwe madzi pafupipafupi ndipo madzi a m'dziwe ayezedwe. Mayi amene wabayidwa jekeseni wamphamvu woletsa ululu monga pethidine asalowe m'madzi kwa maola awiri, kapena pamene akumva tulo. Nthawi ina iliyonse mayi asasiyidwe yekha m'dziwe, ngakhale kwa mphindi imodzi.

Mayi atuluke m'madzi nthawi yomweyo ndipo ulendo wa ku chipatala uyambike ngati:

- akutaya magazi mwana asanabadwe;
- nsupa yasweka ndipo madzi ake ndi obiriwira, akuda kapena onunkha;
- mchombo, dzanja kapena phazi la mwana latsogola;
- thupi la mayi lafika pa madigiri 38;
- akumva mutu waukulu, akuona zinthu mwachimbuuzi, akukomoka kapena akugwedezeka;
- mimba ikupweteka mosalekeza popanda kupumira;
- mzamba wapeza kuti mtima wa mwana ukugunda kochepera 110 kapena kopitirira 160 pa mphindi;
- mwana wasiya kusewera m'mimba;
- mutu wa mwana watuluka koma mapewa akanirira, kapena mayi wakankha nthawi yaitali popanda kusintha.

Mwana akabadwa, anyamulidwe mofatsa osakoka mchombo chifukwa umatha kuduka, nkhope yake isabwererenso m'madzi, ndipo afunditsidwe pa chifuwa cha mayi ake. Thamangirani ku chipatala ngati mwana sakulira kapena sakupuma bwino, ndi wofooka kapena wozizira, ngati nsengwa yachedwa kutuluka, kapena ngati madzi afiira kwambiri. M'madzi n'kovuta kuyeza magazi amene atayika, ndipo theka la lita ndi kale kutaya magazi koopsa. N'chifukwa chake azamba ambiri amatulutsa mayi m'dziwe nsengwa isanatuluke.

Chikwama chokhala ndi buku la ku sikelo, zitenje, zovala za mwana ndi tochi chikhale pakhomo, galimoto ikhale ndi mafuta, ndipo pakhale nambala ya woyendetsa wachiwiri. Yendani njirayo usiku kamodzi kuti mudziwe nthawi imene imatenga, ndipo muganizirenso mmene msewu wa kwanu umakhalira m'nyengo ya mvula. Banja limene lili kutali, monga cha ku Jali kapena ku Chingale, lingachite bwino kukadikirira ku chipatala. Pa mafunso osafuna changu mukhoza kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni, koma pa zizindikiro zili pamwambazi musaimbe kuti mufunse; nyamukani.

Vuto lomaliza: dziwe likukanika kukhuthuka

1. Palibe amene anaganizira kokatayira madzi. Madzi amenewa amakhala ndi magazi ndi zoipa zina, choncho atayidwe m'chimbudzi cha madzi, kapena m'dzenje lokumbidwira ntchitoyi kutali ndi chitsime n'kukwiriridwa. Asatayidwe mu ngalande ya mumsewu kapena m'dimba, ndipo malita mazanamazana asathiridwe m'chimbudzi chokumba chifukwa chikhoza kugumuka.
2. Payipi yokhuthulira siikukoka. Mbali yotulukira iyenera kukhala m'munsi kuposa pansi pa dziwe, ndipo payipi idzadzidwe madzi kaye isanatsitsidwe. Musayamwe ndi pakamwa.
3. Pampu yatsekeka. Chotsani zoyandama ndi sefa musanaiyatse, ndipo isayatsidwe munthu ali m'madzi.

Wokhuthula avale magolovesi. Pulasitiki ya m'kati ndi sefa zitayidwe, dziwe litsukidwe ndi madzi a kolorini, litsukuluzidwe, ndipo liume mbali zonse pamthunzi lisanapindidwe. Ntchitoyi ichitike tsiku lomwelo, kuphatikizapo pa tsiku loyeserera, chifukwa mwana wamng'ono akhoza kumira m'madzi ochepa kwambiri, ndipo mpaka dziwe litakhuthuka chitseko cha chipindacho chikhale chokhoma.